Maphunziro akadutsa malire amapepuka

Mwezi wa Januwale ukafika, chimanga chili m'mawondo ndipo sukulu zatsala pang'ono kutsegulidwa, mafunso obwera ku wailesi amasintha. Za feteleza zimachepa, za ng'ombe zosokera zimachepanso, ndipo m'malo mwake mumabwera funso limodzi lomwe limangosintha malaya. Mayi wa ku Mualadzi afuna kudziwa kalasi imene mwana wake akalowe poti anakhoza Sitandade 8 ku Mchinji. Bambo wa ku Cassacatiza ali ndi mnyamata wa setifiketi ya Giredi 9 ya ku Katete. Mphunzitsi wina afunsa ngati zaka zimene anakhala ku instituto zingamuchotsereko kanthu akapita ku yunivesite. Abale anga, onsewa akufunsa chinthu chimodzi: pa zimene ndaphunzira kale, ndi zingati zimene akandiwerengere kumene ndikupitako?

Ine sukulu yanga inathera pa kalasi 12, ndipo ku yunivesite ndimangopitako kukatapa mawu a eni ake. Koma nkhaniyi yandiyenda m'thupi ine mwini, yayendanso m'banja mwathu, ndiye ndiloleni ndiikambe monga ndikuionera.

Tiyambe ndi liwu limene limasokoneza anthu, loti kredito. Tsiku lina nditanena pa wailesi kuti ophunzira a ku yunivesite amasonkhanitsa makredito, mkulu wina anaimba foni kufunsa kuti kodi ndi a Movitel kapena a Vodacom. Sindinawaseke, chifukwa kuno kwathu kredito ndi ija timagula pa kantini n'kuthira mu foni, apo ayi ndi ngongole ya ku banki. Kwa anzathu a ku Malawi kirediti ndi kukhoza bwino phunziro pa mayeso a MSCE, ndipo wofuna malo ku yunivesite ya boma amafunika makirediti asanu ndi imodzi, Chingerezi chili momwemo. Koma kredito ya ku yunivesite ndi chinthu china. Ndi muyeso wa ntchito, monga mmene ndowa ilili muyeso wa chimanga.

Mu 2010 boma lathu linakhazikitsa ndondomeko yotchedwa SNATCA, kudzera mu Decreto 32/2010. Mwa ndondomekoyi kredito imodzi ndi maola 25 mpaka 30 a ntchito ya wophunzira, kuphatikiza kukhala m'kalasi, kuwerenga payekha ndi kulemba mayeso. Phunziro lililonse, limene kumeneko amalitcha kadera, lili ndi makredito ake. Pa mayunivesite ambiri chaka chathunthu chimakwana makredito 60, tsono lisensiyatura ya zaka zinayi imakwana 240. Cholinga chake n'chabwino ndithu: kuti munthu akachoka pa sukulu ina kupita pa ina, kapena akaima kaye chifukwa cha matenda kapena kusowa ndalama, asayambirenso pansi koma anyamule zimene wakolola kale.

Pa pepala zikukoma. Chimene pepala silifuula n'chakuti sikelo ili m'manja mwa wolandira. Ife a ku Chifunde zimenezi sitifunika kuphunzitsidwa, poti ndife alimi a fodya. Wafesa nazale, wawokera, wathyola, wasoka, wayanika m'chigafa, wasankha masamba usiku ndi nyali mpaka msana kuuma, ndipo mumtima mwako ukudziwa kuti belo ili ndi la giredi yapamwamba. Ukafika pa msika, wogula asolola tsamba limodzi, aliyang'ana, alinunkhiza, n'kutchula giredi yakeyake. Thukuta ndi lako koma giredi ndi yake. Makredito nawonso ali choncho. Yunivesite imene ukupitako imatenga kadera iliyonse n'kuiyika pambali pa yake, kuona ngati mitu yake ikufanana ndi ngati maola ake akukwana, ndipo ili ndi malamulo akeake onena zimene ingalandire kuchokera kunja.

Msuweni wanga, mwana wa amalume, anazionera pafupi. Atamaliza kalasi 12 sanapeze malo pa mayeso olowera ku yunivesite ya boma, ndiye analembetsa pa sukulu ina yolipira mumzinda wa Tete kuti aphunzire za kayendetsedwe ka chuma. Amalume anagulitsa ng'ombe ziwiri chaka choyamba. Chaka chachiwiri analipira ndi ndalama ya fodya ndi ya soya, ndipo azakhali anawonjezerapo ya nkhumba zawo. Mnyamatayo sanali wamasewera, ankagona m'kachipinda ka lendi ndi anzake atatu, ndipo makadera onse 22 a zaka ziwirizo anakhoza. Chaka chachitatu mapropina atakwera, fodya atagulidwa moipa, anaona kuti sangapitirize pamenepo. Analembanso mayeso olowera pa sukulu ina yotsikirapo mtengo, maphunziro ake omwewo, n'kukhoza. Tonse tinkati akalowa chaka chachitatu.

Apa ndi pamene ulendo unayambira. Ku sekretariya ya sukulu yatsopano anamuuza kuti kalata ya manota payokha sikwanira, abweretse pulogalamu ya kadera iliyonse yosonyeza mitu imene anaphunzira ndi maola ake, tsamba lililonse lili ndi chidindo. Atabwerera ku sukulu yakale anamuuza kuti palibe pepala lituluke asanamalize ngongole ya miyezi iwiri imene inatsala. Atalipira, mapulogalamu ena sanapezeke chifukwa aphunzitsi ake anali atachoka ndipo sanasiye kanthu m'kabati. Pempho la kadera iliyonse linalinso ndi mtengo wake. Anadikira yankho sukulu ili mkati, osadziwa kalasi yoti akhalemo. Yankho litabwera, pa makadera 22 aja anamulandirira asanu ndi anayi. Ena anati mitu yake inasiyana, ena anati maola anachepa, ena analibe pulogalamu, ndipo awiri kumeneko kunalibe n'komwe. Anamuyika chaka choyamba, n'kumulola kutengako makadera angapo a chaka chachiwiri.

Pa tchuthi atabwera kumudzi anatha masiku atatu asananene. Tsiku lachinayi madzulo, amalume akusema mpini pakhonde, iye anakhala pansi chapatali n'kunena kuti, "Bambo, zaka zimene ndinakuuzani kuti zatsala ziwiri zija, zatsala zitatu ndi theka." Amalume sanakalipe. Anangofunsa kuti, "Nanga ng'ombe zanga zija zinaphunzira chiyani?" Funso limeneli mpaka lero palibe amene anawayankha. Mnyamatayo anamaliza ndithu, koma mlongo wake wamng'ono, amene amayenera kutsatira, anadikira zaka ziwiri pakhomo chifukwa khola linali litapepuka.

Musaganize kuti ndi matenda a dziko losauka lokha. Ku America kuli makoleji a m'madera a zaka ziwiri, otsika mtengo, kumene ana a anthu wamba amayambira asanapite ku yunivesite. Digiri ya kumeneko imafuna makredito pafupifupi 120 a muyeso wawo, ndipo mayunivesite ambiri amaika malire pa zimene munthu angabwere nazo kuchokera ku koleji yotere. Mayunivesite a boma a ku California salandira oposa 70, ngakhale munthu atasonkhanitsa ochuluka bwanji. Ndipo mu 2017 ofesi yoona za kayendetsedwe ka ndalama za boma lawo, ya GAO, inapeza kuti ophunzira amene anasamuka sukulu pakati pa 2004 ndi 2009 anataya pafupifupi makredito 43 pa 100 alionse. Ngati zimenezi zikuchitika kumene kuli makompyuta ndi misewu ya phula paliponse, nanga kuli bwanji kwa mwana wa ku Nsadzu?

Komabe ndinene chilungamo, sikeloyo sinaikidwe chifukwa cha nkhanza zokha. Yunivesite ikapereka digiri imalembapo dzina lake, ndipo singalumbirire zinthu zimene sinaphunzitse ndiponso sinazione. Ine sindingafune kubayidwa jakisoni ndi namwino amene theka la maphunziro ake analandiridwa mwachisoni chabe. Sukulu zapamwamba zachuluka m'dziko muno, zina zabwino, zina zongotsegula zitseko kuti zitolere ndalama, ndipo n'chifukwa chake kuli bungwe la CNAQ loyesa sukuluzi ndi maphunziro ake. Chimene chimandiwawa ine si kuti sikelo ilipo. N'chakuti munthu amaiona ndalama atalipira kale. Palibe amene amamuuza mwana pa tsiku lolembetsa kuti kadera iyi ukadzasamuka idzakutsata, iyi idzatsala pompano. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma kuti ufunse uyenera kudziwa kuti pali chofunsa, ndipo bambo amene sanaponde m'kalasi angadziwe bwanji kuti maphunziro olipiridwa ndi ng'ombe angakanidwe ngati ndalama yong'ambika?

Kwa mphunzitsi wofunsa za ku instituto uja, yankho ndi lalifupi ndipo silikoma. Makredito a SNATCA ndi a maphunziro apamwamba. Setifiketi ya nivel medio, kaya ya uphunzitsi, ya zaumoyo, ya zaulimi kapena ya za migodi ngati ya ku Moatize, ntchito yake yaikulu pa nkhaniyi ndi kukutsegulira chitseko mofanana ndi kalasi 12. Ukalowa, kawirikawiri umayamba chaka choyamba limodzi ndi ana amene mwina unawaphunzitsa wekha. Aphunzitsi athu adutsa m'njira zambiri, ena 7+3, ena 10+1, ena 10+2, ena 12+1, ndipo ambiri akafuna lisensiyatura amawerenga zaka zinayi zathunthu, usiku kapena pa maphunziro a patali. Ubwino wake lero n'ngwakuti sukulu zayandikira. Instituto Superior Politécnico de Tete inakhazikitsidwa mu 2005, UniZambeze ili ndi za umoyo mumzinda wa Tete ndi za ulimi ku Ulónguè, ndipo UniPúnguè inabadwa mu 2019 pamene Universidade Pedagógica inagawidwa. Makolo athu ofuna digiri ankayenera kupita ku Beira kapena ku Maputo.

Koma tinene zoona, m'midzi mwathu muno ofika pa khomo la yunivesite ndi owerengeka. Ambiri a ife sikelo imatipeza kale kwambiri, tili ana, ndipo imatipeza pa malire a dziko. Boma lathu lagundana ndi Zambia ndi Malawi, maliro timayendera limodzi, maukwati timakwatirana, chigayo ndi chipatala timapita kumene kuli pafupi. Sukulu nayonso ndi chimodzimodzi. Nthawi ya nkhondo ya zaka 16 anthu oposa miliyoni imodzi anathawira ku Malawi, ndipo ambiri a kuno anathawira ku Zambia, ena n'kukasungidwa ku Ukwimi kufupi ndi Petauke. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992 anthu anayamba kubwerera, koma anapeza sukulu zambiri za m'chigawo cha Tete zitatenthedwa kapena zitatsekedwa. Ana amene anabwera ndi mabuku a Chingerezi anapeza dziko la Chipwitikizi, ndipo ena ochuluka makolo anawabwezanso kutsidya kwa achibale kuti akaphunzire.

Ine ndine mmodzi wa iwo. Ndinabadwira ku Ukwimi mu 1991, tinabwerera mu 1994, ndipo mu 1998 bambo ananditumiza kwa alongo awo cha ku Chanida chifukwa kumudzi kwathu kalasi inali pansi pa mtengo ndipo mphunzitsi ankabwera mwa apo ndi apo. Ndinakhoza Giredi 7 mu 2004. Azakhali atamwalira ndinabwerera kwathu mu 2005, setifiketi ili m'pulasitiki, ndikuganiza kuti ndikalowa kalasi 8. Mkulu wa sukulu anaitembenuza uku ndi uku, anandifunsa mafunso atatu m'Chipwitikizi, ine ndinangoti kukamwa yasa, basi anandilemba kalasi 5. Ndinali ndi zaka 14 pakati pa ana a zaka 10, maondo osalowa pansi pa desiki, ndipo anandipatsa dzina loti agogo. Masamu amene ankaphunzitsa ndinali nditawadutsa kalekale, moti mphunzitsi ankandipatsa makope a anzanga kuti ndimuchongere. Chipwitikizi ndinachigwira chaka chimodzi chisanathe. Zaka ziwiri zinazo ndinangokhalira kubwereza zimene ndinkadziwa. Kalasi 12 ndinamaliza mu 2012 ndili ndi zaka 21, ndipo Chingerezi changa chinathera pa Giredi 7 pomwepo.

Tinali asanu obwera kutsidya chaka chimenecho. Atsikana awiri, atawayika m'kalasi la ana ang'ono iwo ali anamwali kale, sanathe chaka. Mnyamata mmodzi anabwerera ku Katete kukagwira ganyu. Chimene tinkasowa tonsefe chinali chilankhulo chokha, koma sikelo inadula masamu, inadula sayansi, inadula zonse, ngati kuti kuchulukitsa ndi kugawa kumasintha munthu akadutsa pa Cassacatiza. Chikhala anatiyesa masamu m'Chinyanja, akanaona zimene zinali m'mitu mwathu. Ndipo si kuti zinali zosatheka, poti chigawo chathu chomwechi ndicho chinayesa kuphunzitsa ana m'Chinyanja pa ntchito ya PEBIMO kuyambira 1993 mpaka 1997, ndipo kuyambira 2003 maphunziro a zilankhulo ziwiri anayamba kulowa m'sukulu zina za dziko lino.

Kwa amene anamaliza sekondale kutsidya, njira yovomerezeka ilipo ndipo dzina lake ndi ekivalensiya. MSCE ya ku Malawi ndi Giredi 12 ya ku Zambia zonse ndi zaka 12 za sukulu monga kalasi 12 yathu, koma popanda kalata ya ekivalensiya sungalowe nazo ku yunivesite kapena kupempha nazo ntchito ya boma. Ntchito imeneyi ili m'manja mwa INECE, bungwe loona za mayeso ndi masetifiketi, lomwe likulu lake lili ku Maputo. Setifiketi iyenera kuyamba yatsimikizidwa ku dziko limene inachokera, ndiye kuti ulendo wa ku Lilongwe kapena ku Lusaka, kenako imasuliridwe m'Chipwitikizi ndi womasulira wovomerezeka, osati mnzako wa pa msika wodziwa zilankhulo ziwiri. Tsono werengani mtunda. Kuchoka pa Cassacatiza kufika mumzinda wa Tete ndi makilomita oposa 250, ndipo kuchoka ku Tete kufika ku Maputo ndi oposa 1,500. Mwana wa pa malire, amene sukulu yake ya kutsidya amaiona ndi maso ali pakhomo, pepala lake liyenera kuzungulira malikulu a mayiko awiri kuti livomerezedwe pamudzi pomwe anabadwira.

Pali kamsampha kena kamene kagwetsa ambiri, ndipo kameneka makolo mungathe kukatchera msanga. Ndi dzina. Mwana yemweyo kumudzi ndi Yohane, pa setifiketi ya kutsidya ndi John, pa bilyeti ya kuno ndi João. Dzina la bambo uku analemba ndi Ch, uku analemba ndi Tch kapena X. Chaka chobadwa uku anachepetsa kuti alowe sukulu, uku anawonjezera kuti apeze khadi. Kwa ife ndi munthu mmodzi, koma kwa kalaliki ndi anthu atatu, ndipo sangapatse João maphunziro a John. Polembetsa mwana kutsidya, nyamulani sedula yake ndipo muonetsetse kuti mphunzitsi wakopera chilembo ndi chilembo. Makadi a manota a chaka ndi chaka musakulungire fodya, sungani pamodzi ndi khadi la kusikelo. Ndipo wa ku sukulu yapamwamba atenge pulogalamu ya kadera iliyonse yodindidwa chaka chomwecho, mphunzitsi akadalipo, asadikire tsiku losamuka. Asanachoke pa sukulu yakale apite kaye ku yatsopano ndi mapepala ake akafunse zimene angamulandirire, ndipo yankho likhale lolembedwa.

Ngakhale kalendala imadyako zake. Ku Malawi chaka cha sukulu chimayamba mu Seputembala, pamene kuno ndi ku Zambia chimayamba kumayambiriro a chaka. Mwana womaliza ku Mchinji pakati pa chaka amakhala miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo akudikira, ndipo miyezi imeneyo ndi imene ganyu ndi ukwati zimamupeza.

Atsogoleri athu vutoli amalidziwa. Mu Seputembala 1997 mayiko a SADC anasaina pangano la maphunziro mumzinda wa Blantyre, lolonjeza kuti adzayesetsa kufananitsa maphunziro awo ndi kuthandiza kuti makredito azitha kusamuka kuchoka dziko lina kupita lina. Mu 2011 anagwirizananso za muyeso umodzi wa masetifiketi a chigawo chonse. Ana amene anabadwa chaka cha pangano la ku Blantyre lero ali ndi ana awo a sukulu, koma pa sukulu za m'malire nkhani ikadathera pa tebulo la mkulu wa sukulu ndi mafunso ake atatu. Ine ndikanakonda maboma a Chifunde, Katete ndi Mchinji akanakhala pansi, monga amachitira pa nkhani za kuba ng'ombe, n'kulemba tsamba limodzi lokha lonena kuti kalasi iyi ikufanana ndi iyi, mwana wobwera ayesedwe motere, ndipo wosowa chilankhulo athandizidwe chilankhulocho osabwezedwa zaka zitatu.

Tsamba lotere likufunika kwambiri tsopano chifukwa makwerero enieniwo akusuntha. Kuno lamulo la 18/2018 linafupikitsa pulayimale kukhala zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo kuyambira 2023 kalasi 7 ili ku sekondale. Ku Zambia nako kuyambira 2025 anayamba ndondomeko yatsopano imene yabweretsa mafomu m'malo mwa magiredi a ku sekondale, ndipo ikadzakhazikika pulayimale yawo idzathera pa Giredi 6. Ndiye kuti mkulu wa sukulu wa ku Mualadzi adzalandira ana awiri tsiku limodzi, wina wochokera ku Katete, wina ku Mchinji, onse mapepala awo olembedwa Fomu 1. Wa ku Katete adzakhala ataphunzira zaka zisanu ndi ziwiri, pamene Fomu 1 ya ku Mchinji imene timaidziwa, yobwera pambuyo pa Sitandade 8, ndi chaka chachisanu ndi chinayi.